Kuyoyola Masamba si Kufa

Inu a m'midzi ya m'malire, a ku Calómuè, Dómuè, Tsangano, Zóbuè ndi Furancungo, mzinda wa Tete mumaudziwa ndi zinthu ziwiri: kutentha ndi ndalama. Mwana akakwera shapa kutsikira kuno ku cigwa, makolo amamulangiza kuti azimwa madzi kwambiri, koma mumtima amakhala atayamba kale kuwerenga malata amene adzawagulire. Ine ndine mmodzi wa ana otere. Ndinabadwira kumtunda, kufupi ndi malire a ku Dedza, ndipo papita zaka zoposa khumi ndikukhala ku Mpadue, bairo ya kumunsi kwa mzinda, m'mbali mwa Zambezi. Ngakhale inu amene simunapondeko, thukuta lanu linafika kale, pakuti fodya amene mumalima ku Angónia ndi ku Macanga amadzathera mu fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco imene ili kuno. Madzi anu nawonso amafika. Mvula yogwa m'mapiri a kwathu imatsika ndi mtsinje wa Revúbuè n'kudzathira mu Zambezi tsidya linalo, kufupi ndi mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014.

Cimene candikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndikabwera kumudzi pa maliro kapena pa ukwati. Anthu akamakamba za mwana wa uje amene anapita ku Tete kapena ku Moatize ndipo wasiya kutumiza ndalama, amati, "Uja ndiye anauma." Ena amawonjezera kuti anamulodza, ena amati anasiya kupemphera, ena amati Mulungu anamufulatira. Mawuwa amatuluka mosavuta, anthu akusenda mbatata kapena kuotha moto. Koma mwiniwake akawamva amasiya kubwera kumudzi, ndipo ena amasiya ndi ku chalichi komwe. Yobu nayenso anaweruzidwa cotere ndi anzake, ndipo pa mutu 12 wa buku lake anawatumiza kuti akaphunzire kwa nyama, mbalame ndi nsomba. Ine ndikufuna kukuuzani zimene mitengo ndi mbalame za m'cigwa cino zandiphunzitsa pa nkhani ya kuuma.

Kwathu kumtunda cilimwe n'cacifundo. Vila Ulónguè ili pamwamba, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yaikulu. Madambo amakhalabe ndi cinyezi, madimba amabiriwira, ndipo mu Seputembala mitengo ya m'chire imaphuka masamba ofiira. Tete ali pansi, mamita osafika 200. Mvula ya caka conse ndi mamilimita pafupifupi 600, ndipo yambiri imagwa m'miyezi inayi yokha kuyambira Disembala. Ikakata, udzu umauma, mbuzi zimautha, ndipo pofika Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nyenje zimalira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa. Munthu wa kumtunda akafika nthawi imeneyo amaona dziko lotuwa ngati padutsa moto, ndipo pakati pake paima milambe yopanda tsamba ngakhale limodzi, nthambi zili m'mwamba ngati mizu. Diso lozolowera kubiriwira limangoti mitengo iyi inafa kale, ikungodikira tsiku logwa.

Eni dziko, Anyungwe, sapusitsidwa. Mayi wina wacikulire amene timapemphera limodzi, wogulitsa malambe ndi masau pa msika wa Kwachena, anandiitana tsiku lina titatuluka m'mapemphero. "Mwanangu, tabwera ndi cikhadabo cako kuno." Anandiuza kuti ndikande khungwa la mlambe pang'ono cabe. Pansi pa khungu lotuwalo panali pobiriwira ngati tsamba la mpiru. Ndinati, "Amayi, mtengo wopanda masamba miyezi yonseyi ukubiriwira bwanji m'kati?" Iwo anaseka nati, "Wamoyo uwu. Wangovula malaya cifukwa kwatentha."

Nzeru ya mlambe ili motere. Tsamba ndi khomo lotulukira madzi. Mtengo uliwonse umapuma kudzera m'timabowo ta m'masamba, ndipo ukamapuma madzi amathawa. Mvula ikakata, mlambe umayoyola masamba onse, kutseka makomo aja, n'kukhala miyezi yambiri ndi zimene unasunga. Mizu yake siitsika kwambiri. Imayala pafupi ndi pamwamba pa nthaka, kupitirira pamene nthambi zalekezera, kuti ngakhale mvula ya ola limodzi iwole msanga. Thunthu lake n'lofewa ngati cinkhupule, ndipo mbali yaikulu ya kulemera kwake ndi madzi. Cobiriwira ca pansi pa khungwa cija cimagwirabe nchito ya tsamba pang'onopang'ono. Mtengowu ukanakakamira masamba ake mu Okutobala kuti odutsa aziutama, bwenzi ukutaya madzi amene moyo wake wonse ukudalira.

Migodi ikuluikulu ya ku Moatize itayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, anyamata ambiri a kwathu anatsika kudzafuna nchito. Patapita zaka zocepa mtengo wa malasha unagwa pa misika ya kunja, ndipo nchito zambiri zinatha. Msuweni wanga anali mmodzi wa iwo. Kontratu yake pa kampani ina itatha sanaitanidwenso. Anacoka m'nyumba ya zipinda zitatu n'kukakhala m'kacipinda kamodzi, anagulitsa njinga yamoto, anasiya kutumiza ndalama pa M-Pesa, ndipo pa Khirisimasi sanabwerenso kumudzi cifukwa analibe shuga ndi nsalu zoti agawe. Kumudzi anati anauma. Koma ine ndinkamuona tsiku ndi tsiku. Ana ake awiri sanasiye sukulu. Ankadzuka tambala woyamba kukathirira kadimba kobwereka m'mbali mwa Zambezi. Lamulungu ankakhala pa benci lake lomwelo, ngakhale analibe coponya m'mbale. Anayoyola zonse zimene zikanamutha madzi kuti asunge zimene zikatayika sizigulidwanso. Akulu anati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Masiku ano kuli alaliki ena amene amaphunzitsa kuti Mkhristu weniweni amabiriwira miyezi 12 pa caka, ndipo wosowa nchito, wodwala kapena wosabereka ndiye kuti ali ndi temberero. Amagulitsa mafuta ndi madzi a m'timabotolo, ndipo msuweni wanga anauzidwa kuti abweretse ndalama ya "mbewu" pamene ana ake anali kugona ndi phala. Koma m'Malemba anthu a Mulungu amadutsa m'cilimwe nthawi ndi nthawi. Pa 1 Mafumu 17 timamva za Eliya, amene Mulungu yemwe anamutuma kukakhala pa mtsinje wa Keriti. Akhwangwala ankamubweretsera cakudya, koma patapita masiku mtsinjewo unaphwa. Unaphwa pamalo pamene Mulungu anamuika, iye ali womvera. Ndipo pa Yohane 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu anafuna kudziwa amene anacimwa, mwiniwake kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Funso limene timafunsa m'midzi mwathu za mwana amene zamuvuta ndi lomwelo la ophunzira aja, ndipo linayankhidwa kale.

Cinthu cimene cimandidabwitsa caka ndi caka cimacitika kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala, kutentha kutafika pacimake. Nthaka ikuwocha mapazi, mvula yeniyeni isanagwe, mlambe umayamba kutulutsa timasamba, kenako maluwa oyera aakulu ngati cikhatho, olendewera pansi. Duwa limatseguka dzuwa likamalowa. Usiku mileme ndi agulugufe a usiku amabwera kudzamwa timadzi take n'kunyamula mungu kupita nawo ku mtengo wina, ndipo pofika mawa lake madzulo duwalo lafota. Anthu ambiri okhala m'mzinda uno sanalionepo litatseguka, pakuti limacita nchito yake anthu ali m'tulo. Akatswiri amene anayeza milambe ya ku Madagascar anapeza kuti madzi a m'thunthu mtengowu suwamwaza masiku onse a cilimwe. Umawasungira makamaka nchito iyi, yotulutsa masamba atsopano mvula isanafike.

Ndiye kuti mlambe umadziwa zinthu ziwiri, nthawi yosunga ndi nthawi yotulutsa cimene wasunga. Kusunga kokha ndi mantha. Cikhulupiriro cimaonekera pamene munthu akonzekera mvula imene sanaione. Inu alimi izi si zacilendo kwa inu. Mumaunda mizere pa nthaka youma, fumbi lili kobo, ndipo mumasunga mbewu padenga m'nyumba muli njala, ana akuiyang'ana. Palibe amene anakulonjezani tsiku la mvula, koma mumadziwa Mwini mvula.

Mpingo wa m'dera lathu lino unadutsapo m'cilimwe cotere, ndipo ena a inu munacionera ndi maso. Mu 1909 amishoni a Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mphatso ku Angónia. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka mamishoni awo m'cigawo ca Tete. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu amenewo anakhala opanda mbusa wawowawo, ndipo ankaoloka malire wapansi kukabatizitsa ana ndi kukadya Mgonero ku mipingo ya tsidya la Nyasaland. Woyang'ana ali panjira akanati mpingo uja unafa. Lero Igreja Reformada em Moçambique ili ndi Sinodi ya Mphatso, ndiponso sukulu ya abusa ya Hefsiba ku Vila Ulónguè. Akatolika nawo anaona zawo. Mu 1975 sukulu ndi zipatala za mamishoni zinatengedwa ndi boma, kenako nkhondo inafika, ndipo pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Cijezuiti, João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angónia komweko, ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Midzi inasanduka mabwinja. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi.

Agogo anga aakazi anaoloka malire ndi mphika, khasu ndi mwana kumsana. Baibulo analibe, ndipo ngakhale akanakhala nalo sankadziwa kuwerenga. Koma mapemphero ndi nyimbo zinali m'mutu mwawo, ndipo madzulo aliwonse ankatiphunzitsa tili pa mphasa m'kanyumba ka udzu ku Dedza. Amene anasunga moto m'zaka zimenezo anali anthu ngati iwo: akatekisiti, akulu a mpingo, amayi a m'mabungwe. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, m'mwezi womwewo wotentha, anthu anayamba kubwerera, ndipo m'midzi yambiri cisakasa copemphereramo cinaima wansembe kapena mbusa asanafike. Masamba anatuluka mvula isanagwe, cifukwa madzi anali m'thunthu.

Apa mpamene pali funso la ife tonse amene zikutiyendera lero. Mlambe sumwa madzi mu Okutobala. Umamwa mu Januwale. Yosefe ku Iguputo anadzaza nkhokwe m'zaka zisanu ndi ziwiri za mwanaalirenji, anthu akudya ndi kusiya. Caka cimene fodya wagulidwa bwino, kapena mbatata yacita mtengo, timasunga ciani? Sindikunena za ndalama zokha, pakuti ndalama imatha msanga kuposa cilala. Ndikunena za Mawu amene mwana waloweza asanacoke pakhomo, za cizolowezi copemphera popanda wokukakamiza, za ubale umene unamangidwa pamene sunkafuna kanthu kwa mnzako. Mnyamata amene watsika kuno wopanda zimenezi, nchito ikatha amakhala ngati nthoci yobzalidwa pa mwala.

Pali cinanso cimene aliyense wolowa mu Tete amaona, kaya akucokera ku Changara kaya ku Moatize: matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Ambiri ndi a tsanya, mtengo wolimba ndi wolemera, umene ciswe cimaulephera ndipo makala ake amakhalitsa pa mbaula. Kulimba kwakeko ndiko kumauitanira nkhwangwa. M'malo ambiri ozungulira mzinda tsanya wamkulu anatha, patsala zitsa ndi mphukira. Mlambe ndiwo watsala. Sucekedwa matabwa, supereka nsici, suwochedwa makala. Kalipentala amaudutsa, woocha makala amaudutsanso. Komatu ndi mtengo womwewo umene umatipatsa malambe a phala la ana, masamba a therere, ndi luzi locokera ku khungwa limene likasendedwa limameranso. Njuci zimamanga m'mphako zake. Kuyambira mu 2008 ufa wa malambe unaloledwa kugulitsidwa ngati cakudya m'maiko a European Union, cinthu cimene ana a kuno amangomung'unya pobwera ku sukulu.

Ife timayeza munthu monga momwe woocha makala amayezera mtengo: atulutsa matumba angati? Mwana wotumiza ndalama ndiye dalitso la banja, wosatumiza ndiye manyazi. Muyeso umenewu umapweteka onse awiri. Ndaona anyamata olimba ngati tsanya, a malipiro abwino, amene wacibale aliyense anadula nthambi yake, uyu feteleza, uyu malata, uyu mlandu, mpaka kutsala citsa cokhala ndi ngongole. Ndaonanso nkhalamba ndi odwala amene palibe cimene angatumize kwa wina aliyense, koma ndiwo amalera ana amasiye, kuyanjanitsa okangana ndi kupempherera mudzi wonse usiku, monga duwa lija limene limagwira nchito anthu ali m'tulo. Paulo, pa mutu woyamba wa kalata yoyamba kwa Akorinto, anawakumbutsa kuti ambiri a iwo sanali anthu ochuka kapena amphamvu, ndi kuti Mulungu anacita kufuna posankha anthu otere. Muyeso wa Mulungu ndi wa woocha makala sugwirizana.

Tikatsikira ku mtsinje timapeza mtengo wina umene umacita zosiyana ndi mlambe. Msangu umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kubiriwira m'cilimwe, pakuti mizu yake imatsika mpaka kukapeza madzi a pansi. Pamene dziko lonse lili mbuu, mbuzi ndi ng'ombe zimausa pansi pake ndi kudya nyemba zake zopotana zikagwa. M'dzinja, pokhala wopanda masamba, suphimba cimanga, ndipo masamba amene unagwetsa amasanduka manyowa. Masau nawo amapsa m'miyezi yozizira, mvula itapita kale, ndipo mbuzi za Tete, zimene nyama yake imachuka mpaka ku Maputo, zimanenepa ndi zipatso za nyengo youmayi. Ndiye pali mbalame ya fulagombe. Zofiira zija zimafika Zambezi ikatsika, zimakumba una wautali m'gombe louma, zambirimbiri pamodzi, n'kulera ana awo madzi asanakwerenso. Mwezi umene ife timaudandaula, kwa izo ndi mwezi wa ana.

Mulungu sanaike nyengo imodzi kwa zolengedwa zonse, ndipo sanaike nyengo imodzi kwa ana ake onse. Yeremiya, pa mutu 17, anayerekeza munthu wodalira Mulungu ndi mtengo wa m'mbali mwa madzi umene suopa cilala, ndipo ndikawerenga ndimaona msangu. Koma dzanja limene linabzala msangu pa gombe ndi lomwelo linabzala mlambe pa mtunda wa miyala. Ngati inu mwabiriwira pamene mbale wanu ali mbuu, musadziyese oyera kuposa iye. Ndinu msangu wa caka cimeneco, ndipo mthunzi wanu ndi wake. Ndi zimene Paulo anafotokoza pa 2 Akorinto 8 posonkhetsa thandizo la Akhristu a ku Yerusalemu: amene ali nazo lero athandize osowa, pakuti mawa zikhoza kutembenuka.

Zimatembenukadi. Mu 2024 cilala ca El Niño cinawocha minda ku Changara, Marara ndi Mágoè, ndipo ku Malawi boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Caka cimeneco m'nyumba mwanga tinadya ufa ndi nyemba zimene alongo anga ankatumiza pa shapa kucokera kumtunda, ngakhale nawonso anakolola zocepa. Zaka zingapo m'mbuyomo anali iwo amene anagona mwezi wathunthu pa mphasa m'nyumba mwanga, mwana wawo ali m'cipatala kuno. Palibe wa ife amene analemba m'kope kuti wina ali ndi ngongole. Amene tinadyapo nsima ya Amalawi m'zaka za nkhondo tikudziwa kuti wobiriwira ndi wouma amasinthana malo.

Koma ndisakusiyeni mukuganiza kuti mlambe sufa. Mu 2018 katswiri wa ku Romania, Adrian Patrut, pamodzi ndi anzake, analengeza kuti mwa milambe 13 yakale kwambiri imene ankaiyeza mu Africa, 9 inali itafa kapena kugwetsa mathunthu ake akale m'zaka 12 zokha. Umodzi, wa Panke ku Zimbabwe, unali ndi zaka zoposa 2,400, ndiye kuti unamera Yesu asanabadwe, ndipo unagwa mu 2010 ndi 2011. Akatswiriwo ankaganiza kuti kuwonjezeka kwa kutentha ndi cilala kunathandizira. Mlambe ukafa sugona pansi ngati cipika ca mlombwa. M'miyezi yocepa umaphwasuka n'kusanduka mulu wa luzi. Coopsa n'cakuti wamoyo ndi wakufa, m'cilimwe, amaoneka cimodzimodzi kwa munthu woyang'ana pa windo la shapa.

Munthu nayenso ali ndi malire. Kuno ku Mpadue taika m'manda anyamata amene madzi a m'thunthu anawathera, ena ndi kacasu, ena ndi matenda amene anabisa cifukwa ca manyazi. Conco mawu akuti "limba mtima, mvula ibwera" akhoza kukhala nkhanza ngati akutuluka m'kamwa mwa munthu wa nkhokwe yodzaza amene sakufuna kuitsegula. Pa Luka 13 Yesu anasimba za mkuyu umene unakhala zaka zitatu osabereka, mwini munda nafuna kuudula. Wolima anaupemphera caka cimodzi, koma sanati akhale pansi kudikira. Anati akumba mozungulira ndi kuthira manyowa. Kudikira kwa Mkhristu kumakhala ndi khasu m'manja.

Nanga wamoyo ndi wakufa tiwasiyanitsa bwanji? Njira ndi yomwe ija ya mayi wa pa Kwachena: kufika pafupi mpaka dzanja likhudze khungwa. Ngati muli ndi mwana, mlongo kapena mphwanu amene anatsika ku cigwa ndipo wakhala cete, muimbireni foni, ndipo mawu oyamba asakhale akuti, "Utumiza liti?" Mufunseni ngati wadya. Mukakolola, mupatsireni kathumba ka nyemba. Akabwera kumudzi cimanjamanja, mpatseni mpando ndi nsima monga munkacitira akabwera ndi shuga, ndipo ngati akufuna kubwerera, muonetseni pamene angalime m'munda wa makolo popanda kumuseka. Akulu a mpingo, musamuwerenge munthu ndi buku la zopereka lokha. Ndipo inu anzanga a m'tauni amene zakuvutani, musabisale. Mlambe umaima pa msewu waukulu wopanda tsamba miyezi yonseyo, anthu onse akuuona, ndipo sucita manyazi. Nenani zoona kwa abale anu, kuti wofuna kuthira manyowa adziwe pothira.

Msuweni wanga mpaka lero sanapezenso nchito ya kampani, ndipo mwina sadzaipeza. Amagulitsa matimati ndi masamba a m'dimba lija, mwana wake wamkulu ali ku sekondale, ndipo Lacitatu madzulo ndi iye amene amatsogolera mapemphero a pa bairo. Anyamata amene nchito yawathera kumene amapita kwa iye, osati kwa ife a malipiro, cifukwa iye akudziwa mmene munthu amadutsira Okutobala. Duwa la mlambe la usiku umodzi wa Novembala limasanduka dambe limene limakhwima patapita miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, mvula itakata, mtengo ukuyambanso kuyoyola. Nthawi imeneyo mpamene amayi amatola malambe, kuwaphwanya ndi kuwathira m'phala la ana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mukadzakhala pa moto, wina n'kuchula dzina la mwana wa m'mudzi mwanu kuti uja ndiye anauma, mudzafunse kuti ndani mwa inu anapita kukakanda khungwa.